Kabedi ka Mdzukulu wa Che Shaibu

A Tobias Kachigamba adatha zaka zopitirira makumi atatu akupala matabwa pa Namitete, m'shedi yawo ya malata m'mphepete mwa msewu wa ku Mchinji. Adakhoma mabedi a maanja atsopano, mabenchi a m'matchalitchi, zitseko, makabati ndi mabokosi a maliro osawerengeka. Koma kabedi ka khanda adali asanakhomepo chiyambire. Kwawo mwana amagona pambali pa mayi ake mpaka kubwere wina, ndipo palibe adaganizapo zomupatsa malo akeake.

Ntchitoyi adabwera nayo ndi Che Shaibu, mwini golosale yaikulu ya pa Msundwe, tsiku lina kumapeto kwa Meyi. Atapereka moni adatulutsa foni n'kuwaonetsa a Tobias chithunzi cha kabedi kokhala ndi timizati m'mbali monse. Adafotokoza kuti mwana wawo Sharif ndi mkazi wake Farida adadikira mphatso zaka zisanu ndi zinayi. Pobwera idabwera masiku asanakwane, kamwana kolemera ngati paketi ya shuga ndi theka, ndipo kadakhala milungu isanu kuchipatala katamangiriridwa pachifuwa pa mayi ake. Tsopano kadali ndi miyezi itatu, dzina lake Zainab. Pofotokoza zonsezi Che Shaibu ankalankhula chapansipansi, ngati akuopa kuti akakweza mawu wina amva n'kuwalanda.

A Tobias adatsitsa matabwa a mbawa omwe adawasunga kudenga la shedi zaka zinayi akudikira ntchito yoyenera. Adagwira milungu iwiri. Kamzati kalikonse adakapala mpaka kubulungira, n'kukasalaza ndi sandipepala, kenaka n'kukayendetsa pamlomo wawo kuti amve ngati patsala kobaya. Mipata ya pakati pa timizati adaiyeza ndi chikhatho chawo, poganiza kuti agogo a mwanayo azimuona bwino ali chapatali.

Akazi awo, a Dorcas, ndiwo ankabweretsa chakudya cha masana kushediko. Tsiku lomwe kabedi kadaima pa miyendo yake, iwo adaika mbale pabenchi, adakazungulira, n'kulowetsa mkono mkati ngati akugoneka kanthu. Kenaka adatola dengu lawo n'kubwerera kunyumba. A Tobias adadziwa chomwe chidali mumtima mwa akazi awo.

Mwana wawo woyamba, Limbikani, adamwalira ali ndi miyezi inayi, m'chaka cha 1996. Udali m'mawa wozizira wa mu Juni. A Dorcas adalawirira kudimba, ndipo a Tobias asanapite kuntchito adamugoneka mwanayo chafufumimba, monga ankachitira aliyense kuti angatsamwe, pa pilo yemwe adamusoka okha ndi kuthiramo thonje. Adamufunditsa bulangete latsopano atalipinda pawiri, n'kupempha alongo awo aakulu, a Tereza, omwe nyumba yawo idali pafupi, kuti azimumvera. Masana a Dorcas adamupeza atazizira. Sadadwale, sadatsokomole, dzulo lake ankaseka. Anthu adafunsana kuti n'chiyani chingaphe mwana wamphamvu dzuwa likuswa mtengo, ndipo sing'anga yemwe adaitanidwa adaloza a Tereza. A Tobias, omwe adayenera kuima kumbali ya mlongo wawo, adangowerama osatsutsa. A Tereza adasamuka pamudzi wa amayi awo omwe n'kukakhala kwa amuna awo ku Nambuma. Chichokereni iwo ndi a Tobias adakumana kawiri kokha, konseko pamaliro, n'kungogwirana chanza. Ana ena awiri adabadwa n'kukula, koma dzina la Limbikani silinkatchulidwa m'nyumbamo.

Kabedi adakakapereka okha pa Msundwe. Nyumba ya Che Shaibu idali kuseri kwa golosale, mkati mwa mpanda wa njerwa. Akazi a Che Shaibu, a Anifa, adali atakonzeka kale ndi katundu yemwe adakamusankha okha m'masitolo a m'tauni ku Lilongwe. Adayala matiresi a siponji ofewa moti dzanja linkamira. Matiresiwo adachepa pang'ono, choncho mpata wotsala m'mbali adauphatika ndi matawulo. Adaika mapilo awiri a nsalu yonyezimira, bulangete laubweya la maluwa, ndi chidole cha chimbalangondo pakona. Pomaliza adamangirira nsalu zothiramo siponji kuzungulira mkati monse kuti mdzukulu wawo asagunde mutu. Zitatha, timizati ta mbawa tomwe a Tobias adavutika nato sitinkaonekanso. Mumtima mudawawa pang'ono, komabe adavomera kuti ngakhale ana a mabwana sagona pabwino choncho.

Farida adabwera ndi mwanayo kuti amuonetse mmisiri. A Tobias adaika manja kumbuyo n'kusuzumira. Adali ataiwala kuti munthu amayamba ali wamng'ono chotere. Zikhadabo zake zidali ngati mankhusu a mpunga, koma chilichonse chili pamalo pake. Paliwombo pankagunda pang'onopang'ono, khungu likukwera ndi kutsika. Adayang'ana pamenepo nthawi yaitali mpaka a Anifa adaseka n'kuwafunsa ngati ana awo adabadwa ali akuluakulu kale.

Patatha sabata adawaitananso kuti adzaike mtengo wokolekapo neti ya udzudzu. Lidali Lachisanu, kunja kuli mitambo ndi kamphepo kozizira. Nthawi ya swala itakwana, Che Shaibu ndi Sharif adatseka golosale n'kupita kumzikiti, ndipo a Anifa adalowa kuchipinda kwawo kukapemphera. Farida adamuyamwitsa Zainab, n'kumugoneka cham'mbali m'kabedi atamutsamiritsa pilo, n'kumufunditsa bwino. Kenaka adapita kuseri kukayanika matewera.

A Tobias ankapala mtengo wa neti pakhonde. Pafupi nawo padakhala a Hilda, namwino wopuma pantchito yemwe ankakhala nyumba yoyandikana ndi mpandawo. Anthu onse pa Msundwe ankangowatchula kuti Anesi. Adabwera kudzagula sopo, ndipo atapeza golosale yotseka adaganiza zodikira uku akuwafunsa a Tobias ngati mpando wawo wothyoka mwendo ungakonzeke.

Ali mkati mocheza, a Tobias adazindikira kuti sadayeze kutalika kwa mbali ya kumutu. Adaodira kawiri pakhomo. Farida adayankha ali kuseri kuti angolowa mwakachetechete, mwana wagona.

Adalowa ndi tepi yoyezera m'manja. Poyamba adangoona bulangete ndi kumbuyo kwa kachipewa ka ulusi. Nkhope sadaione. Mwanayo adali atatsetsereka pa pilo uja, ndipo kamutu kake kadakamira pakona, pakati pa pilo ndi nsalu ya siponji. M'chipindamo mudali zii. A Tobias adaima kudikira kuti bulangete likwere ndi kutsika, koma silidagwedezeke. Mwana wa eni sagwidwa chisawawa, ndipo iwo adali mlendo, wamwamuna, manja odzaza utuchi. Adangozindikira atamunyamula kale. Mwanayo adali lende, manja ali lobodo, milomo yotuwa ngati phulusa.

Adafuula, ndipo mawu omwe adatuluka sadawazindikire kuti ndi awo. Farida adalowa akuthamanga, ataona adagwa pansi. A Anifa adatulukira ali ndi mpango wopempherera kumutu. Koma woyamba kutambasula manja adali a Hilda. Adamulanda mwanayo, adakankhira pansi makapu omwe adali patebulo, n'kumugoneka chagada pathabwa. Adamuvula kachipewa, adamasula zovala, n'kuika khutu lawo pakamwa pake. Kenaka adadzutsa kachibwano pang'ono, adaphimba kamwa ndi mphuno zake ndi pakamwa pawo, n'kuuzira.

Sadauzire ndi chifuwa chonse ayi, koma mpweya wa m'masaya mokha. A Tobias adaona kachifuwa kosaposa chikhatho chawo kakutukuka, n'kutsika. Kasanu adatero a Hilda. Kenaka adaika zala ziwiri pakati pa chifuwacho n'kuyamba kukanikiza akuwerenga chamumtima, milomo yokha ikuyenda, n'kubwereranso kukauzira. A Anifa ankangotchula dzina la Allah mobwerezabwereza. Kumzikiti kunkamveka mawu a shehe pa chimkuzamawu, ndipo pamsewu padadutsa lole ya fodya ikulira. A Tobias sadadziwe ngati padatha mphindi imodzi kapena khumi.

Kenaka padamveka kaphokoso kakang'ono, ngati chitseko chomwe chakhala nthawi osatsegulidwa. Kamwendo kamodzi kadadzikoka. Mwanayo adatsokomola, adakwinya nkhope yonse, n'kulira. Kulira koyamba kudali kofooka, kwachiwiri kudadzaza nyumba. A Tobias adaona ndi maso awo kutuwa kuja kukuchoka pamilomo, magazi akubwerera kumasaya, kumakutu, mpaka kunsonga za zala. Adapezeka atagwada pasimenti, tepi ikadali m'manja. Pamoyo wawo adakhomerapo zivundikiro za mabokosi ambiri, ena aang'ono ngati a sopo, ndipo adazolowera kuti njira imeneyo ndi yopita kokha. Adali asanaonepo munthu akubwerera ali pakhomo penipeni.

A Hilda sadalole kuti anthu ayambe kusangalala. Adati mwana apite kuchipatala nthawi yomweyo. A Anifa adamuimbira Sharif, yemwe adafika akuthamanga nsapato zili m'manja, ndipo galimoto ya Che Shaibu idanyamuka ndi onse. A Tobias adatsala okha m'mpandamo. Adatola makapu osweka n'kuwaika pakona, adalongedza zida zawo, n'kukwera minibasi kubwerera ku Namitete. Atawafotokozera a Dorcas, iwo adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adatuluka n'kukaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali.

Zainab adakhala kuchipatala masiku atatu, ndipo madokotala sadamupeze ndi vuto lina. Lachiwiri a Hilda adatumiza uthenga kuti mmisiri abwere ndi zida zake. A Tobias adapeza banja lonse litazungulira kabedi, mwana ali m'manja mwa mayi ake. A Anifa adali ataonda m'masiku ochepa omwewo. A Hilda adatulutsa mapilo, bulangete ndi chidole n'kuziunjika pampando. Atayamba kusolola matawulo, a Anifa adawagwira mkono.

"Anesi, ndamva kuti ndidalakwa. Koma agone pamtunda ngati mwana wamasiye, kuzizira konseku?"

A Hilda adasiya matawulo aja. Adatenga dzanja la a Anifa, adawanyowetsa kuseri kwa chala ndi madzi a m'kapu, n'kuchiyandikiza pamphuno pa Zainab yemwe adali m'tulo. Adawafunsa ngati akumva kanthu. A Anifa adatseka maso. Patapita kanthawi adati akumva kamphepo kochepa, ngati kuphethira kwa chikope.

"Mpweya wake wonse ndi umenewo, mayi," adatero a Hilda. "Palibe wina wosunga. Inu pilo akakutsekani mphuno mumatembenuka osadzuka n'komwe. Uyu mutu ndi wolemera, khosi silinalimbe. Pomwe wagwera ndi pomwepo. Simudalakwe chifukwa chosamukonda, mudamukonda ndi zinthu zofewa."

A Anifa adasiya chala chawo pomwepo ngati aiwala kuti m'chipindamo muli anthu. Che Shaibu nawonso adanyowetsa chala chawo, adayesa, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono. Pambuyo pake a Anifa adapita pakabedi n'kuyamba kumasula okha zingwe za nsalu za siponji, mfundo imodziimodzi.

A Hilda adafotokoza zotsalazo manja akugwira ntchito. Mwana azigona chagada nthawi zonse, usana ndi usiku womwe, pa matiresi olimba okwana ndendende, okutidwa ndi nsalu imodzi yokokedwa zolimba. Kukazizira azimuveka zovala zofunda m'malo momuunjikira zofunda. Ngati afunadi kumufunditsa, kakhale kansalu kopepuka kofika m'khwapa, kopisiridwa pansi pa matiresi, mapazi a mwana atagunda kumunsi kwa bedi kuti asatsetserekere mkati. Neti ikhale yokoka bwino, isalendewere pankhope pake, ndipo pasakhale chingwe chilichonse chomwe angachifikire. Kabediko adati kasunthidwe kakhale pambali penipeni pa bedi la Farida. Chidolecho, adati, chidikire mwini wake ayambe kuyenda.

Nsalu zitachoka, timizati ta mbawa tidaonekanso, ndipo a Tobias adamva kukoma mumtima. Koma a Hilda adapinda chibakera chawo n'kuchilowetsa pakati pa timizati tiwiri. Chidadutsa osakhudza. Adati miyezi iwiri ikubwerayi mwanayu ayamba kugubuduka, ndipo pampata wotere miyendo ndi thupi zitha kudutsa, mutu n'kutsalira mkati. Mpata woyenera ndi wa zala zitatu za munthu wamkulu basi.

Padalibe munthu yemwe adawadzudzulapo a Tobias pa ntchito ya matabwa chichokereni kwa yemwe adawaphunzitsa. Makutu adawatentha. Adayang'ana chibakera chija, adayang'ananso khosi la mwanayo, n'kuvomera kuti sadadziwe. Adagwira masiku awiri pakhonde la Che Shaibu akuonjezera kamzati pakati pa timizati tiwiri tilitonse. Matiresi olimba omwe Sharif adabweretsa adawadula okha molingana ndi bedi, moti ngakhale chala sichinkalowa m'mbali.

Tsiku lachiwirilo, popita kokwerera minibasi, adapatukira kwa a Hilda ngati akukaona mpando wothyoka uja. Adautembenuza, adaugogoda, kenaka adafunsa maso ali pampando pomwepo. Adati pali munthu wina yemwe kalekale adagoneka mwana wa miyezi inayi chafufumimba, pa pilo wa thonje, n'kumufunditsa bulangete lopinda pawiri, ndipo masana adapezeka atapita. Kodi chidamupha chingakhale chiyani?

A Hilda adawayang'ana n'kuyankha.

"Sindingalumbire, bambo, chifukwa sindidalipo. Ena amapita ngakhale zonse zitachitidwa bwino. Koma ana otere ndidawaona ambiri pa zaka zanga, makamaka miyezi yozizira, ndipo ambiri a iwo adagona monga mwanenamo. Masiku amenewo ifenso kuchipatala tinkawauza amayi kuti aziwagoneka chafufumimba. Sitinkadziwa."

"Ndiye kuti sipafunika munthu woipa?"

"Sipafunika munthu aliyense."

A Tobias adausiya mpandowo n'kulonjeza kuti adzautenga tsiku lina. M'minibasi adadutsa siteji yawo osazindikira, mpaka kondakitala adachita kuwagwedeza.

Kunyumba adawauza a Dorcas mawu a Anesi monga momwe adawamvera, osachotsapo. Adaonjezera zomwe adali asananenepo zaka zonsezi, kuti yemwe adamugoneka Limbikani m'mawa uja, n'kumukokera bulangete mpaka m'makutu, adali iwo. A Dorcas adati zimenezo ankazidziwa, pakuti bulangetelo ndi iwo adawauza kuti alipinde pawiri.  Kenaka a Dorcas adati a Tobias apite ku Nambuma sabata yomweyo, ndipo iwo adzatsatira akadzalimba mtima.

Adanyamuka Loweruka m'mawa. Adakwera njinga yamoto ya kabaza kudzera ku Nsaru ndi ku Kabudula, fumbi likuwalowa m'mano, m'minda mutangotsala mapesi ndi ziputu za fodya. Nyumba ya alongo awo sankaidziwa, adachita kufunsira katatu. Adawapeza atakhala pamphasa kukhonde, akusenda mtedza m'lichero. Amuna awo adamwalira zaka zisanu zapitazo. Tsitsi lawo lidali litayera lonse, ndipo a Tobias adadzidzimuka kuona nkhope ya malemu amayi awo.

A Tereza adawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Adatuma mpongozi wawo kuti abweretse mpando, ndipo atapatsana moni adafunsa kuti, "Wamwalira ndani, achimwene?"

A Tobias adati palibe. Mpandowo adaukana n'kukhala pansi kumapeto kwa mphasa. Posadziwa poyambira, adayamba ndi Che Shaibu ndi chithunzi cha pa foni. Adafotokoza za matabwa a mbawa, za mapilo onyezimira, za Lachisanu lija ndi tebulo lomwe Anesi adagonekapo mwana. A Tereza adapitiriza kusenda mtedza, koma pofika pa kulira kwa mwanayo manja awo adaima. A Tobias adanena mawu a Anesi, kenaka adanena awo. Adati Limbikani adamugoneka ndi iwo, pilo adasoka ndi iwo, ndipo pomwe anthu ankaloza mlongo wawo iwo adatseka pakamwa chifukwa kudali kosavuta kuti mlandu ukhale ndi mwini wina. Adati sakudziwa ngati chinthu chotere chimakhululukidwa, koma abwera kudzapepesa, ndipo akasonkhanitsa abale onse kumudzi kuti akanene zomwezi ndi pakamwa pawo.

A Tereza adasesa makoko a mtedza ndi dzanja n'kuwaunjika pambali.

"Ndidalowamo kawiri m'mawa umene uja," adatero. "Koyamba ankapuma. Kachiwiri ndidaona bulangete lamukwera mpaka pachipewa. Ndidatambasula dzanja kuti ndilitsitse, kenaka ndidati kukuzizira, amufunditsa ndi bambo ake, ndingamudzutse. Ndidatuluka chonyang'ama. Zaka zonsezi ndimaliona dzanja limenelo. Pabwalo paja, tsiku la sing'anga lija, anthu adandifunsa za mankhwala, za komwe ndimapita anthu akagona. Palibe adandifunsa chomwe ndidaona."

A Tobias adalira pamaso pa mpongozi wa alongo awo osabisa nkhope. A Tereza sadalire. Sadanenenso kuti akhululuka kapena ayi. Adangowafunsa ngati mwana wa pa Msundweyo adaliradi, komanso ngati adamuona ndi maso awo kapena adachita kumva. A Tobias adati adali pomwepo, moti akadatha kukhudza tebulolo. A Tereza adafuna kudziwa kuti Anesiwo adauzira kangati, zala adaziika pati, ndipo milomo idayamba kufiira mbali iti. Adamvetsera atatsegula kukamwa pang'ono. Pomaliza adati akamaliza mtedza adzabwera, koma asanafike kumudzi akufuna kukamuona mwanayo.

Adabweradi pakati pa Ogasiti, atavala chitenje chatsopano, thumba la mtedza lili pamutu. A Tobias ndi a Dorcas adakawachingamira pa Msundwe. Azimayi awiriwo adagwirana manja, ndipo sadasiyane mpaka pageti la Che Shaibu. A Anifa, omwe adali atamva nkhani yonse kwa Anesi, adawalandira ngati abale n'kuwalowetsa kuchipinda.

Zainab adali maso, atagona chagada pakati pa kabedi kopanda kanthu, atavala kajuzi kofiira. Adali atangotulukira kuti ali ndi mapazi. Ankagwira chala chachikulu cha phazi lamanja ndi manja onse awiri, kuchikokera kukamwa, chikamupulumuka n'kuyambiranso, uku akudzilankhulira yekha. Ataona nkhope zachilendo pamwamba pake adasiya phazi, adawayang'anitsitsa a Tereza, n'kuseka nkhama zili poyera.

A Tereza adagwira mbali ya kabediko ndi manja awiri. A Anifa adabwera kudzanena kuti tiyi wapsa, adabweranso kudzanena kuti akuzizira, koma iwo sadasunthe. Kumudzi abale adali atasonkhana kale kuyambira m'mawa, ndipo foni ya a Tobias idalira katatu m'thumba. Adaizimitsa, n'kukhala pampando pafupi ndi khomo kudikira alongo awo.